Ndayamba kulondola mwala wa Kalpana Chawla

Mwezi uno ndasiya kaye mapulaneti, ndikulimbana ndi ma asteroid, miyala ija imazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Umene wandigwira mtima ndi 51826 Kalpanachawla.

Anautulukira mu Julayi 2001 ku Palomar Observatory, ku California, ndipo panthawiyo unalibe dzina la munthu. Kenaka pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha mumlengalenga cha Columbia chinasweka pobwerera padziko, anthu onse asanu ndi awiri amene anali momwemo n'kufa. Chaka chomwecho miyala isanu ndi iwiri ya manambala otsatizana, kuyambira 51823 mpaka 51829, inapatsidwa mayina awo, aliyense wakewake. Kalpana Chawla, mmodzi mwa anthuwo, anabadwira ku Karnal, ku India, mu 1962, ndipo anali atapitako kale mumlengalenga mu 1997. Mtsikana wa m'tauni wamba kukafika kumeneko! Nkhani yake ndimaifotokozera ana a mchemwali wanga kawirikawiri.

Mwalawu kuuona ndi maso ndiye sizingatheke ndi zida zanga. Ndi wa makilomita pafupifupi 7 basi, ndipo uli kutali moti umatenga zaka zoposa zisanu kuti uzungulire dzuwa kamodzi. Katelesikopu kanga sikangautole. Chimene ndikuchita n'kupeza pa kompyuta pamene uli usiku umenewo, n'kuloza telesikopu pomwepo. Ndimaona nyenyezi zozungulira malowo, ndikudziwa kuti uli pakati pawo.

Luso lake ndikuphunzirira pa asteroid wina, Vesta, amene ndi wamkulu makilomita oposa 500 ndipo amaoneka ngakhale ndi mabayinokula. Apa ndiye pali potsekemera. Ndimajambula ndi pensulo kadontho kalikonse kamene ndikuona, tochi nditaikulunga ndi pepala lofiira kuti maso asataye mdima. Pakapita masiku angapo ndimajambulanso malo omwewo. Nyenyezi zonse zimakhala pamene zinali, koma kadontho kamodzi kamapezeka kasuntha pang'ono, ngati nyerere pa mphasa. Ameneyo ndiye Vesta. Tsiku limene ndinafananiza mapepala awiriwo tulo sitinabwere.

Vuto lalikulu pano ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi, thambo la kumunsi silikuyera bwino. Ndikudikira mvula yoyamba itsuke mpweya. Ikangotero ndiyesa kumangirira kamera pa telesikopu, ndiyambire pa Ceres, wamkulu koposa pa miyalayi, kenaka nditsikire ku miyala yocheperako kuti ndione pamene zida zanga zingalekezere.