Anemone pa kutentha kwa Okutobala ku Mangochi

Ntchito yanga ndi yosamala mathanki a nsomba m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay. Ambiri mwa mathankiwa ndi a mbuna, ndipo mbuna sizivuta chifukwa kwawo ndi konkuno. Thanki imodzi yokha ndiyo ya madzi amchere, ya malita 90, ndipo sabata yathayi yanditangwanitsa kuposa ena onse. Muli anemone mmodzi wa mtundu wa Entacmaea quadricolor, amene ogulitsa amamutcha bubble-tip, pamodzi ndi tinsomba tiwiri ta clownfish.

Alendo ambiri amayesa duwa, pomwe ndi nyama, mbale wake wa coral ndi jellyfish, zamoyo zina za m'nyanja yamchere. Ali ndi phazi lomata pamwala, kamwa pakati, ndi timanja toluma mozungulira. M'thupi mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya kukawala, iye nkumadya nawo. Mtundu wake woderawo ndi wa tindereto. Madzi akatentha mopitirira kwa masiku angapo amatitulutsa nkuyera mbee, ndipo anemone woyera choncho ali pa njala, ngakhale anthu amamuyamikira kuti wakongola.

Ndiye Lolemba nditapeza madzi ali pa madigiri 29.5, mtima sunakhale m'malo. Amafunika akhale pakati pa 24 ndi 27, koma kuno mwezi uno panja pamadutsa 35, ndipo thankiyi ilibe makina oziziritsira. Ndinatseka katani wa zenera loyang'ana kumadzulo, nkumangirira kafani m'mphepete mwa galasi kuti kaziuzira pamwamba pa madzi. Nyale sindinazichepetse mphamvu, poti ndi m'mene amadyera. Ndinangosintha nthawi kuti ziziyaka m'mamawa nkuzima dzuwa lisanafike poswa mtengo.

Kafani kamathandiza, koma kamabweretsa vuto lake. Madzi amaphwa msanga, mchere nkutsalira momwemo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Thanki ya malita 90 ikataya malita 2 patsiku popanda wowonjezera, pakutha masiku atatu mchere wafika magalamu 37.5 pa lita. M'thanki ya malita 500 kuphwa kotere sikungaoneke nkomwe, koma m'kathanki kakang'ono anemone amakumva tsiku lomwelo. Ndinalemba kamzere pagalasi, nkumuitana mnyamata amene amakonza m'chipindamo kuti aziwonjezera pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo, kufika pa kamzereko basi.

"Achimwene, bwanji osangotunga m'nyanjamu? Madzi ali mbwee pakhomo pompa," anandifunsa. Ndinamufotokozera kuti madzi a m'nyanja yathu amakhala ndi timatope ndi zina zosungunuka zomwe zimameretsa ndere m'thanki yowala chonchi, ndipo tsiku lililonse tikawonjezera zimangochulukira. Timagwiritsa ntchito osefedwa ndi makina otchedwa RO, amene amachotsa zonse zosungunukamo nkusiya madzi opanda kanthu. Ndinamutsindikiranso kuti owonjezerawo akhale opanda mchere, chifukwa mcherewo sunachoke.

Lachiwiri linali la mbuna: kutsuka masefa, kupala magalasi, kuchotsa tiana tochuluka m'thanki ina ku Cape Maclear.

Lachitatu usiku magetsi anazima nthawi yaitali. Kapampu ka mpweya ka batire kanagwira ntchito yake, nsomba sizinabanike, koma pampu yoyendetsa madzi inaima. Kutacha mayi woyang'anira malowo anaimba foni mawu akunjenjemera: "Bambo, fulumirani, chinthu chija chafota ndipo chachoka pamalo pake."

Anemone amayenda. Madzi kapena kuwala zikamuipira amamasula phazi nkumakwawa kufuna pabwino, ndipo ambiri osungidwa m'mathanki amafera paulendo umenewu, atakokedwa ndi pampu nkudulidwadulidwa. Ndinamupeza atakwera mwala, watsala pang'ono kufika pa pampu, timanja tili lende, thupi litanyala. Pampuyo ndinaiveka siponji kalekale pa chifukwa chomwechi. Mayiwo ankafuna timumatule timubwezere, kenako tisinthe madzi onse. Ndinawapempha kuti tiyambe tayang'ana. Kamwa linali lotseka bwino, phazi logwira mwala mwamphamvu, ndipo pakamwapo pankatuluka kaulusi koderako, komwe ndi zonyansa za m'mimba. Akamataya zimenezo amafota ndithu, nkudzafufumanso pakapita maola. Amene akufa amakhala kukamwa yasa, phazi lomasuka, mnofu ukusungunuka, fungo lake losapiririka. Ameneyo ndiye wochotsa nthawi yomweyo asanaphe zonse m'thankimo. Koma kumatula wamoyo mokakamiza kumang'amba phazi, ndipo bala la paphazi limavuta kupola. Ndinangotembenuza pampu kuti madzi azimuomba pang'ono mbali ya kumtunda, ndipo pofika madzulo anali atatsikira yekha mumng'alu wa mwala, phazi pamthunzi, timanja powala, momwe mtundu umenewu umakondera.

Lachisanu ndinasintha malita 9 okha, gawo limodzi mwa magawo 10. Mchere wake timaitanitsa ku South Africa, wopangidwira zomwezi, wokhala ndi calcium ndi magnesium. Wa kukhitchini sungalowe m'malo mwake. Ndinali nditausungunula dzulo lake kuti madzi agone akuzungulira, ndipo ndisanathire ndinayeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere, kuti afanane ndi a m'thanki pa 1.025. Nditatha ndinamupatsa kachidutswa ka prawn kosaposa njere ya chimanga. Kanangokhudza timanja nkumatirira pomwepo, iye nkukapindira kukamwa. Kumata kumeneko ndiko ndimadalira kuposa mtundu wake pofuna kudziwa ngati ali bwino.

Loweruka bambo wina wochokera ku Blantyre, amene anaima nthawi yaitali akuonerera tinsomba tikudzigudubuza m'timanjamo, anandifunsa ngati ndingamuikire wotereyu m'kathanki ka malita 30 kunyumba kwake mwezi uno usanathe. Ndalama sanali kuwiringula nazo. Ndinamukanira mwaulemu. Thanki yatsopano madzi ake amasinthasintha, ndipo imafunika miyezi yosachepera 6 ikuyenda ndi miyala ndi tinsomba isanalandire anemone. Komanso nyama imeneyi kunyanja imakhala zaka makumimakumi, ndipo aliyense wochotsedwa kumeneko amasiya clownfish zopanda pobisala. Zimandipweteka kuona yotere ikuyenda mtunda wonsewo nkudzafa pa miyezi itatu chifukwa mwini wake anali pa changu. Ubwino wa bubble-tip ndi woti akakhazikika amadzigawa yekha pawiri, ndiye palibe chifukwa chokazulira wina kunyanja.

"Bambo, yambani ndi thanki ya malita osachepera 100, batire, ndi poziziritsira madzi," ndinawauza. "Wathuyu akadzagawika, mmodzi ndi wanu." Anatenga mndandanda wa zofunika nkunena kuti ayamba ndi miyala. Madzulo ake ndinakhala pansi ndi mayi aja kuwerengera mtengo wa makina oziziritsira, chifukwa Novembala akubwera ndipo kafani pakokha sikangakwanitse.