Musanagule wotchi yakale ya perpetual calendar

Wotchi ya perpetual calendar imadziwa yokha kuti Epulo amathera pa 30, Meyi pa 31, ndipo Febuluwale pa 28, kupatula chaka cha masiku 366. Mulibe batire. Nzeru yonse ili pa kachitsulo kozungulira kotchedwa cam, komwe m'mphepete mwake anasemamo timipata ta miyezi. Mwezi wa masiku 31 ulibe kampata, wa masiku 30 uli ndi kosaya, Febuluwale ali ndi kakuya zedi. Pa cam pamatsamira kachitsulo kena kakatali, grand lever. Kakalowa mozama m'kampata, pakutha pa mwezi kamakankha wilo ya mano 31 kuti idumphe masiku amene mweziwo ulibe. Kuzungulira konse kumatenga masiku 1,461, kapena kuti zaka zinayi. Chimene makinawa sadziwa n'chakuti 2100 sichidzakhala ndi 29 Febuluwale, choncho pa 1 Malichi chaka chimenecho deti idzafuna kukonzedwa pamanja.

Osonkhanitsa mawotchi ambiri amayambira pa kampani ya ku Switzerland ya Patek Philippe, ndipo m'pake. Mu 1941 kampaniyi inatulutsa ref. 1526 (ref. ndi nambala ya mtundu wa wotchi), yomwe inapangidwa 210 zokha, ndi ref. 1518 yokhala ndi chronograph (mivi yoyezera kutalika kwa nthawi imene chinthu chatenga), yomwe inapangidwa 281. Imodzi mwa ma 1518 anayi achitsulo odziwika inagulidwa pa okushoni ya Phillips ku Geneva mu 2016 pa ndalama zoposa 11 miliyoni za ma franc a ku Switzerland. Imene inalowa m'malo mwa 1518 ndi 2499, zonse pamodzi 349 mpaka 1985. Amene thumba lake silifika kumeneko ayang'ane Patek Philippe 3940 ya 1985, kapena Audemars Piguet 5548 ya 1978, yomwe makina ake ndi opyapyala, mamilimita 3.95 basi. Kwa ine 5548 ndi imene anthu sanaipatsebe ulemu wokwanira, chifukwa inatuluka mawotchi a quartz, oyendera batire, atatsala pang'ono kupha luso limeneli.

Mawotchiwa nthawi zambiri amawonongeka ndi chala cha mwini wake. Usiku, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko m'bandakucha, grand lever imakhala italumana ndi mano a kalendala, ndipo pa makina ena ntchitoyi imayamba madzulo dzuwa lisanalowe. Mukadina timabatani ta m'mbali tochunira kalendala nthawi imeneyo, dzino limathyoka kapena kachitsulo kamapindika, pomwe zida za 1526 sizipezeka m'shopu, zimachita kusulidwa. Njira yake ndi iyi. Yendetsani mivi kutsogolo mpaka deti isinthe, mudziwe kuti pamenepo ndi pakati pa usiku, kenako pitirizani mpaka 6 koloko m'mawa. Yambani ndi deti, chifukwa pa mawotchi ambiri batani lake limakokanso dzina la tsiku. Tsatizani mwezi, dzina la tsiku, n'kumalizira ndi kachithunzi kosonyeza maonekedwe a mwezi wakumwamba. Zonse muziike pa dzulo, ndiye muyendetse mivi idutse pakati pa usiku mpaka nthawi yeniyeni. Dinani ndi kamtengo kapena kapulasitiki, osati singano, imene imaterereka n'kukanda golide. Batani likalimba, lekani pomwepo.

Ma Patek Philippe 1526, 2499 ndi 3448 sasonyeza kuti muli chaka chiti mwa zinayi zija. Muyenera kupititsa miyezi n'kumaona pamene Febuluwale akuthera mpaka mupeze wa 29, kenako muwerenge: 2024 chinali chaka chotere, china ndi 2028. IWC Da Vinci ya 1985, imene Kurt Klaus, katswiri wa kampani ya IWC, anaikonza kuti zonse zizichunidwa ndi kamutu kowayindira, ili ndi vuto lina: sibwerera m'mbuyo. Mukapitirira deti, iimitseni mudikire tsikulo, apo ayi ikatsegulidwe kwa wokonza.

Mwezi wakumwamba ukamasiyana pang'ono, si kuwonongeka. Wilo ya mano 59 imawerenga masiku 29.5 pomwe mwezi weniweni umatenga 29.53, ndiye pakatha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri imasemphana ndi tsiku limodzi.

Pogula, ndalama zambiri zili pa nkhope ya wotchi. Nkhope zakale za Patek Philippe zinkapangidwa ndi Stern Frères: ankagoba zilembo, kuthiramo enamel (utoto wonga galasi), n'kuwotcha, moti mukayang'ana chammbali ndi galasi lokuza kakhumi, zilembo zimaoneka zotukuka pang'ono. Nkhope imene inatsukidwa ndi kupalidwa mobwerezabwereza imayamba kutaya tizinthu tating'ono, monga kamzere ka pamwamba pa è mu Genève, kapena koma wa pakati pa Patek ndi Philippe pa zolemba zazitali za chisanafike chaka cha 1948. Zilembo zafulati, zakuda bii, zonenepa, kawirikawiri zimatanthauza kuti nkhopeyo inalembedwanso, ndipo mtengo wake uyenera kutsika kwambiri. Nkhope yokhala ndi timadontho ta ukalamba koma yosakhudzidwa ndi yabwino kuposa yoyera mbee yokonzedwa.

Kesi, chimake chosunga makina, nayo imaulula. Golide ndi wofewa, ndipo kupolisha kulikonse kumachotsako pang'ono. Onani chidindo cha mutu wa Helvetia, mayi woimira dziko la Switzerland, chosonyeza golide wa 18k: chikhale chakuya, nkhope ya mayiyo ikuoneka. Timiyendo togwira lamba tikhale tonenepa mofanana, m'mbali mwake muli ngodya zakuthwa. Pa 2499 timizere ta pa timiyendoti ndi timene timayamba kufafanizika. Manambala a makina ndi a kesi agwirizane ndi chikalata cha Extract from the Archives, chochokera m'kaundula wa Patek Philippe, koma dziwani kuti chikalatachi chimangonena mmene wotchi inatulukira ku fakitale. Sichitsimikiza kuti nkhope, mivi ndi wilo ya mwezi zomwe mukuona lero ndi zomwezo. Uzani wogulitsa ayendetse kalendala pamaso panu kudutsa 30 Epulo, 28 Febuluwale ndi 31 Disembala. Pa okushoni muwonjezerenso ndalama ya kampani yochititsa okushoniyo, yomwe imatha kuposa kota ya mtengo umene nyundo yagwera.

Potumiza ku sevesi, lembani papepala kuti asapolishe kesi, asatsuke kapena kusintha nkhope ndi mivi, ndipo chida chilichonse chimene achotsa akubwezereni. Mafuta a m'makina amauma pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo cam youma imadya nsonga ya grand lever mpaka kalendala iyambe kulakwitsa masiku. Madzi asayandikire n'komwe, chifukwa kabatani kalikonse ka m'mbali ndi kabowo kolowera chinyezi, ndipo chinyezi chikafika pa nkhope, madontho ake sachoka popanda kuipala.