Mlungu wachisanu ndi Carlsbad: b4 si wothamangira

Mlungu uno ndasewera magemu 14 a chess pa Lichess (tsamba la pa intaneti losewererapo chess), onse ndili ndi zoyera, ndipo pa 9 ndinafika pa kaimidwe kamene ndikuphunzira: 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 Nf6 4.cxd5 exd5 5.Bg5. Akatswiri amati kaimidwe ka Carlsbad, potengera mpikisano umene unachitikira mumzindawo mu 1923. Pa magemu 9 amenewa ndapambana 5, ndagonja 3, imodzi tinafanana mphamvu.

Chomwe chandikoka mtima n'chakuti kumbali ya mfumukazi oyera ali ndi asilikali (ma pawn) awiri okha, wa pa a ndi wa pa b, pomwe akuda ali ndi atatu, koma oyambitsa nkhondo ndi awiriwo. Poyamba zinkandizunguza mutu. Ochepa angaukire bwanji ochuluka? Ndinkangoloweza: rook pa b1, kenako b4, kenako b5. Tsopano ndamvetsa kuti cholinga si kudya msilikali nthawi yomweyo, koma kusiya chilonda. Tikadyerana pa c6, akuda amatsala ndi msilikali wotsalira m'mbuyo pa c6, wopanda mnzake womuteteza, ndipo mzere wa c ndi wotseguka kumbali yanga. Akasankha kudya okha pa b5, amene amasala yekhayekha ndi wa pa d5. Kulikonse kumene angapite, pali chowalondera mpaka kumapeto kwa gemu.

Koma gemu ya Lachitatu ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Mnzanga amene ndinkapikisana naye anasewera g6, anayendetsa hatchi yake kuchoka pa f8 kudzera pa e6 mpaka pa g7, n'kubweretsa bishopu pa f5. Ine ndinalola kusinthana mabishopu osaganiza kawiri, mtima uli pa b4. Nditangokankha b4, iye anayankha b5, hatchi inayo inadutsa pa b6 n'kukakhazikika pa c4. Basi. Mzere wa c unatsekeka, ma rook anga ankangoyang'ana kumsana kwa hatchi, ndipo c6 amene ndinkamufuna uja sindinamukhudze n'komwe. Bishopu wa pa d3 ndiye ankayang'anira c4, ndipo msilikali akachoka pa b2 kupita pa b4, sangabwererenso kudzathamangitsa hatchiyo. Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditaona kuti c4 ndi wofooka koma ndinanyalanyaza.

Kanthu kena kakang'ono: bishopu wakuda akakhala pa e7 amayang'ana b4. Nthawi zina kudya hatchi ya pa f6 kumamukokera kutali, b4 n'kutheka popanda kutaya nthawi ndi rook. Ndayesa kawiri, kamodzi zinayenda bwino kwambiri.

Pali njira inanso imene sindinaiyambe mozama: hatchi pa e2 m'malo mwa f3, kenako f3 ndi e4, kumenyera pakati. Katswiri wa chess Botvinnik anagonjetsa katswiri mnzake Keres ndi njira imeneyi mu 1952, ndipo gemuyo ndaibwereza katatu pa bolodi. Ndi yokongola, koma ndikuona kuti imafuna kuwerengera kwambiri, chifukwa d4 amagwedezeka ukangokankha e4. Ndiisiya kaye.

Mlungu wamawa ndikufuna magemu 10 enanso, ndipo ndisanakhudze msilikali wa pa b ndizidzifunsa kaye kuti akuyang'anira c4 ndi ndani. Ndikufunanso kusewerako zakuda, ndione mmene hatchi yakuda ya pa e4 imavutitsira mfumu yoyera pamene ankhondo ake onse apita kumbali inayo.