Ntchito yokonza denga yatha, zikomo nonse

Alemekezeke Yesu Khristu abale anga. Dzulo tachita Misa mvula ikukhuthuka kuchokera kuphiriku koma mtchalitchi mwathu munalibe beseni ngakhale limodzi pansi, ine misozi inangotsika pa Ulemu kwa Mulungu paja, sindibisa. Mukudziwa nokha mmene tavutikira chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kwaya kuimba itapanikizana pakona kuthawa kudontha, mabenchi akutsogolo kuola miyendo.

Zikomo abambo mfumu, miphakati yonse, Amayi Akatolika amene mumaphika nsima ya amisiri tsiku ndi tsiku, achinyamata onyamula mchenga, mapepa sande onse aja mpaka matumba kubooka. Ambuye akubwezereni pomwe mwachotsapo.

Koma agogo athu akalipentala a ku Chinamwali, ine ndilibe mawu. Munthu anabatizidwira mommuno Zomba ikadali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, tchalitchichi amachidziwa ngati nyumba yawo. Ife a komiti tinkafuna kugwetsa mitengo yonse ya denga tiike zitsulo, iwo anakana, anakwera okha pamakwerero ndi zaka zawozo, kugogoda mtanda uliwonse ndi hamala khutu ali tcheru. Akuti wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma, wamoyo umayankha mouma. Tinachotsa ochepa chabe, ena onse ndi omwe aja anaika ansembe a Chimonfoti, mpaka pano ngwiro. Za makoma anatiletsanso kupaka simenti panjerwa zakalezo, akuti simenti imatsekera chinyontho mkati njerwa nkumafumbutuka, tinangotsata laimu monga ananenera. Chitseko chachikulu chamlombwa anachipala okha masiku atatu, ndalama anakana, ati mukagulire misomali.

Ena munati akomiti akudya ndalama, simunabwere ngakhale tsiku limodzi kudzagwira fosholo, dzulo ndakuonani pabenchi yakutsogolo. Khalani ndithu, nyumba ndi ya Atate, ine mtima unandipweteka koma ndakhululuka.

Agogo aja dzulo sanabwere, miyendo yatupa. Titatuluka tinapita kwawo ndi akatekisiti kukawapatsira Ukaristia, funso lawo loyamba linali lakuti pamwamba pa guwa paja sipakudonthanso? Tinati ayi agogo, pouma. Muwakumbukire pa korona wanu madzulo ano, nsanja ya belu ija akuti akufuna aione yokonzedwa ali moyo.