Maulendo atatu kuti ndione buku limodzi

Ndimagwira ntchito yosamalira kapinga ndi maluwa panyumba ina yakale ku Wiltshire, chigawo cha ku England, ndipo kwa zaka zingapo ndinkalakalaka kuona mmene minda ya mabanja olemekezeka a ku England inkaonekera isanasinthidwe. Buku loonetsa zimenezi ndi Britannia Illustrata la 1707, lomwe zithunzi zake 80 anajambula Leonard Knyff ndipo Jan Kip anazizokota pamkuwa. Onsewa anachokera ku Netherlands. Sabata yatha ndinaliona, koma nditayenda katatu ku laibulale ina ya m'tauni yaikulu, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Za kulembetsa pa intaneti sindinena zambiri, chifukwa aliyense angathe. Chinandipweteka ndi kaofesi kopereka makhadi owerengera. Ndinafika m'mawa nditalipira sitima, ndili ndi pasipoti m'manja, koma mayi wa pawindo anandiuza kuti akufuna umboni wa komwe ndimakhala, ndipo kalata ya kubanki yomwe ndinamuonetsa pafoni anaikana osaiwerenga n'komwe. Anati akufuna pepala lenileni. Ndinamuchonderera kuti ndachokera kutali ndiponso kuti ndapempha tchuthi kuntchito, koma anangondiloza ku chikwangwani cha pakhoma. Tsiku lonselo linapita pachabe. Ngati mukupita, sindikizani kalatayo papepala musananyamuke.

Ulendo wachiwiri khadi ndinalandira, koma ndinali ndisanadziwe kuti mabuku osowa sawatulutsa pompopompo, amayenera kuitanitsidwa pasadakhale. Ndaiwala kunena kuti chikwama, jekete ndi bolopeni zonse zimatsala m'kabati. M'chipinda chowerengera amalola pensulo yokha. Magolovesi omwe ndinagula poganiza kuti ndi ulemu kwa buku lakale anandiuza kuti ndivule, chifukwa zala zovala zimang'amba pepala mosavuta kuposa manja osamba bwino.

Ulendo wachitatu analibweretsa pakangolo, lalikulu ngati chitseko cha kabati, n'kuligoneka pa timitsamiro ta siponji kuti msana wake usasweke, masamba n'kuwapanikiza ndi kachingwe kolemera. Ndinatsegula pa tsamba la Longleat, nyumba yaikulu yakale ya ku Wiltshire komweko, malo omwe ndimawadziwa. Chithunzicho chili ngati mmene mbalame ionera ili m'mwamba: nyumba pakati, minda yodulidwa m'makona anayi ngati nsalu yosokedwa, mitengo itafola m'mizere yowongoka mpaka kuphiri, ndi tianthu tating'ono tikuyenda m'njira. Lero zambiri za izi kulibe. Kuyambira 1757 Capability Brown, katswiri wokonza minda, anazifafaniza n'kuika kapinga wotambalala, nyanja ndi mitengo yobalalika, monga anachitira m'malo ena ambiri. Ine amene ndimameta mpanda wa maluwa tsiku ndi tsiku ndinangowerengera m'mutu kuti panafunika anthu angati kuti mizere yonseyo ikhale yowongoka ndi lumo ndi chikwakwa, ndipo ndinawamvera chisoni.

Apa mpamene ndinakwiyanso. Ndinafuna kuona Chatsworth, nyumba ina yaikulu ya ku Derbyshire, koma tsamba lake munalibe. Munangotsala kachidutswa ka pepala m'mphepete. Wogwira ntchito anandifotokozera kuti m'mbuyomu ogulitsa ankang'amba mabuku otere n'kumagulitsa chithunzi chimodzichimodzi kwa ofuna kupachika pakhoma, chifukwa ndalama zimachuluka kuposa kugulitsa buku lathunthu. Choncho musanaitanitse, lembani kalata kufunsa ngati chithunzi chomwe mukufuna chilimo m'kope lomwe ali nalo.

Kujambula ndi foni anandikaniza, nati ndikafuna chithunzi ndilembe fomu n'kulipira kuti ajambule okha, ndipo ndidikire milungu ingapo. Ndinalipira cha Longleat chokha. Pobweza khadi ndinadutsanso pawindo lija, ndipo ndinapeza mnyamata wina akuonetsa foni yake kwa mayi yemwe uja. Ndinamukoka pambali n'kumuuza kuti asataye nthawi kuchonderera, apite akasindikize kalata ya kubanki pashopu yomwe ili pafupi ndi siteshoni.