Maitanidwe anga ndinawapeza pa makina osokera

Shopu yathu ili ku Rosettenville, kumwera kwa tawuni ya Johannesburg, m'chipinda chimodzi chimene kale ankaimikamo galimoto. Muli makina a Juki awiri, ovaloka imodzi (makina osokera m'mphepete mwa nsalu), tebulo lodulirapo nsalu ndi simbi yositira. Timasoka madiresi a chitenje, zovala za ukwati, mayunifomu a sukulu ndi a amayi a mpingo. Timapindanso mathalauza ndi kusintha mazipi, tintchito timene timatilipirira lendi mwezi ukavuta. Makasitomala ambiri ndi Amalawi anzathu, koma amabweranso a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, a ku Congo, ndi eni dziko ndi nsalu yawo ya shweshwe.

Kusoka ndinaphunzira ndili mtsikana kwathu ku Dedza. Agogo anga aamuna anali m'gulu la amene ankabwera kuno ku Joni pa Wenela kudzagwira ntchito m'migodi, maulendo amene boma la a Kamuzu linawaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Pamenepo n'kuti agogo atabwerera kale kumudzi ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi, ndipo amayi anga anandiphunzitsira pa makina omwewo. Koma pakhomo pathu kusoka kunali ntchito wamba, palibe ankakuwerengera.

Nditafika kuno mu 2012 ndinalowa ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg. Ndalama ndinkatumiza, ana kumudzi ankaphunzira, komabe funso limodzi silinkandichoka: kodi Mulungu anandilengera chiyani? Kutchalitchi mawu akuti maitanidwe ndinkawamva pafupipafupi, ndipo nthawi zonse ankanena za abusa, alaliki, akulu a mpingo, mwinanso oimba kwaya. Ine mawu oimbira ndilibe, ndipo kuima pagulu kumandichititsa manyazi. Ndinkati gawo langa ndi kukhala pa benchi, kumvetsera ndi kupereka chakhumi.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa Chigwirizano, amene tonse timawatcha agogo. Bulauzi yawo yoyera ya yunifomu inang'ambika m'khwapa, ndinawasokera pamanja. Atayang'ana msoko anandifunsa kuti, "Mwana wanga, luso lotere ukulibisiranji?" Ndinayankha kuti, "Agogo, ndi kusoka chabe kumeneku." Iwo anandiuza kuti ndikawerenge Machitidwe 9 kuyambira ndime 36, tidzakambirane sabata yotsatira.

Nkhani ya Tabita wa ku Yopa, amene ankatchedwanso Dorika, ndinali nditaimvapo kambirimbiri, koma ndinkangogwira zoti Petro anamuukitsa. Ulendo uno ndinaima pa ndime 39. Petro atalowa m'chipinda chimene munali maliro, amayi amasiye anamuzungulira akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka ali moyo. Palibe pamene Baibulo likunena kuti mayiyu analalikira kapena kutsogolera mapemphero. Likumutchula kuti wophunzira, ndipo umboni umene amasiye anaika pamaso pa mtumwi unali zovala. Agogo aja anandionetsanso Eksodo 28 ndime 3, pamene Mulungu akuuza Mose kuti anthu amene Iye wawadzaza ndi mzimu wa luso asoke zovala za Aroni. Ndiye kuti ansembe asanayambe kutumikira, panali matelala amene Mulungu mwini anawasankha. Ndinabwerera kunyumba mtima ukugunda. Ndinauza bambo a kunyumba kuti ndikufuna kusiya ntchito ndiyambe kusoka, ndipo iwo anati tipemphere kaye, tiwerengenso ndalama.

Zonse ziwiri tinachita. Mpamba unachokera ku chipereganyu cha amayi a kumpingo, chimene eni dziko kuno amati stokvel. Itakwana nthawi yanga yolandira mu 2016, tinagula Juki yogwirapo kale ntchito, n'kuiika pakona m'chipinda chathu chogona. Ntchito ya m'nyumba sindinaisiye lomwelo, ndinkasoka usiku ndi Loweruka mpaka maoda atachuluka. Nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani timagula ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Zitenje zimachokera ku Lilongwe ndi ku Limbe, zimabwera pa basi kudutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ife timakazilandira ku Park Station.

Ndinene pano chimene chimandiwawa. Mumzinda uno muli Amalawi ambiri amene amatenga kandalama kawo komaliza kukagula mafuta odzozedwa ndi madzi opemphereredwa, atalonjezedwa kuti bizinesi iwayendera. Ndikudziwa kuti ndi umphawi ndi mantha a moyo wa kuchilendo zimene zimawakankhira kumeneko, n'chifukwa chake sindiwaweruza. Koma kwa ine kuitanidwa sikunabwere ndi lonjezo la chuma. Kunabwera ndi malamulo a mmene ndizigwirira ntchito.

Tonse tikudziwa mbiri ya ife matelala. "Bwerani mawa," ndipo mawalo silifika. Mayi amabweretsa mamita anayi a nsalu, diresi imadya atatu, yotsalayo osaionanso. M'shopu mwathu nsalu yotsala timaipinda n'kuiika m'jumbo limodzi ndi chovala, ngakhale kakhale kachidutswa kongokwana duku. Tsiku limene tauza kasitomala timalilemba m'buku iye akuona. Nthawi ya maphwando a ana omaliza sekondale (matric) komanso mu Disembala, maukwati akachuluka anthu n'kumakonzekera ulendo wa kumudzi, buku likadzaza timakana ntchito. Kukana ndalama ili m'manja kumapweteka, makamaka lendi ikayandikira, koma kuli bwino munthu akhumudwe lero kusiyana ndi kuti adzalire m'mawa wa ukwati wake diresi ili theka. Lamulungu timatseka. Ndipo mayi wamasiye akabwera ndi yunifomu ya mwana, mtengo timakambirana mwa njira ina. Zimenezi sindikuzinena kuti anthu atitame. Popanda zimenezi bizinesi yathu ikanakhala ya m'mimba basi, ndipo ine sindikanalimba mtima kunena kuti Mulungu ndiye anandiikamo.

Masiku ovuta anabwera. Dziko litatsekedwa chifukwa cha Covid-19 kumapeto kwa Malichi 2020, maukwati ndi misonkhano ya mpingo zinaima, maoda onse anazizira. Kuyambira pa 1 Meyi chaka chomwecho aliyense anayenera kuvala masiki pagulu, ndipo tinayamba kusoka mamasiki a nsalu. Ndi amene anatidyetsa miyezi imeneyo. Mu 2023 magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, Juki ili duu, mpaka tinafunafuna makina akale opalasa kuti tizimalizira misoko yowongoka.

M'chaka chomwecho, pa 31 Ogasiti, moto unabuka m'nyumba ina yosanja ku Marshalltown n'kupha anthu oposa 70, Amalawi anzathu ali momwemo. Opulumuka ambiri anatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Amayi a kumpingo anasonkhanitsa zovala, a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, osafunsana za sinodi, ndipo zina anabweretsa kwathu kuti tizikonze. Tinaimika maoda ena, tinachepetsa masiketi, kufupikitsa mathalauza, kuika mabatani. Ndinauza atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka kuti asoke ngati mmene amasokera za munthu wolipira, azisite ndi kuzipinda bwino, chifukwa munthu amene wataya zonse sayenera kulandiranso chovala chomuchotsera ulemu.

Atsikana amenewa ndiwo mbali ya ntchito imene ndimaikonda koposa. Amafika ku Park Station atauzidwa kuti ku Joni ntchito ndi yosasowa, kenako amapeza kuti amene anawaitana sakuyankha foni. Mtsikana wopanda luso m'manja mumzinda uno amagwa m'manja mwa anthu oipa mosavuta. Sitingathandize onse, malo ndi ochepa, choncho timatenga awiri nthawi imodzi. Amayamba ndi kusita ndi kusomeka mabatani, kenako ovaloka, kenako kuyeza munthu ndi tepi. Kudula nsalu kumabwera pomaliza penipeni, chifukwa sizasi ikalakwa nsalu ya mwini sibwerera. Akamafulumira ndimawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa uliwonse tisanayatse makina timawerenga ndime imodzi n'kupemphera, ndipo Asilamu a ku Mangochi amene taphunzitsapo sitinawakakamize kulowa nawo.

Mmodzi mwa amene anaphunzira kwathu anatsegula kashopu kake ku Turffontein, ndipo buku lathu likadzaza makasitomala timawatumiza kwa iye. Wina anabwerera ku Malawi ndi makina ake, akusoka mayunifomu a sukulu kwawo. Panopa tikusunga ndalama ya Juki yachitatu, ndipo tikukambirana ndi eni nyumba za chipinda choyandikana nafe, kuti tizitha kutenga atsikana anayi m'malo mwa awiri.