Ndege yanga ndi ufa wa apongozi

Zonse zinayambira mu minibasi, pa jamu ya pa Area 18. Ndinkachokera ku Kanengo, dzuwa likuswa mtengo, kondakitala atandiponda chala, ine maso ali pa foni kuonera ndege ya kampani ya Joby ya ku America. Chinthucho chimanyamuka pomwe chaima ngati helikopita, koma chikafika m'mwamba mapulopela ake 6 amapendekeka n'kuloza kutsogolo, basi chayamba kuuluka ngati ndege wamba, liwiro kupitirira makilomita 300 pa ola. Woyendetsa mmodzi, okwera anayi. Mafuta ayi, mabatire okhaokha. Ndinayang'ana mzere wa galimoto uja, mtima n'kuti: ife tikuvutikiranji pansi pano?

Madzulo ake pa bawo ku Kawale ndinali nditasanduka katswiri. Ndinawauza anzanga kuti helikopita yatha ntchito. Imadalira chipulopela chimodzi chachikulu, imamwa mafuta ngati chidakwa cha pa maliro, ndipo phokoso lake limadzutsa mudzi wonse. Zatsopanozi zili ndi timainjini tamagetsi tambirimbiri, kamodzi kakafa tina timagwirabe. Ndinatchulanso EHang ya ku China, ya mapulopela 16, yonyamula anthu awiri popanda woyendetsa, yomwe boma lakwawo linaivomereza mu 2023. Apa n'kuti ndikukoka mawu ngati ndinali nawo pa msonkhano wovomerezawo.

Madala ena, osadzutsa n'komwe mutu pa bawo, anangoti, "Nanga achimwene, magetsi akazima muli m'mwambamo mumakachajira kwa ndani?"

Anthu anaseka. Ine zinandiwawa. Ndinawakumbutsa kuti kuno komwe, ku Kasungu, boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, mu 2017, ndiye asamaone ngati ndi nthano. Kenako pakamwa panga pananditsogolera: "Loweruka mubwere kwathu mudzaone ndi maso. Izi sizifuna bwalo ngati la ku Lumbadzi, pakhomo pomwe zimanyamuka."

Ndege ndinalibe. Koma alamu anga anabwera ndi ka drone ka mapulopela anayi kuchokera ku Joni, ndipo nditawanyengerera anandibwereka, akundichenjeza katatu konse.

Chimene sindinawerengere n'chakuti sabata imeneyo kunyumba kunali apongozi, atabwera ndi chimanga kuchokera ku Mitundu. Mayi a kunyumba anali atakonola, kuviika mphale masiku atatu, kukagayitsa, ndipo Loweruka m'mawa ufa woyera ndowa ziwiri unali utayanikidwa pa mikeka pakati pa bwalo. Amene anadyapo nsima ya ufa woyera akudziwa thukuta lake.

Anzanga anafika, ana a m'makomo oyandikana anakwera mpanda. Apongozi anali pakhonde kusadzula nkhwani, ine ndikuwazemba maso mwaulemu wake wa mkamwini. Malo osalala anali amodzi okha, pambali penipeni pa mikeka. Ndinaika ka drone pamenepo, ndinakonza kolala, n'kukankha kabatani.

Abale, kuti chinthu chikwere chilili, chimayenera kukankhira mphepo pansi. Zimenezi ndinali nditazifotokoza ndekha pa bawo, ndi manja omwe. Kungoti sindinaganize kuti mphepoyo ikafika pansi imapita kuti.

Ufa unadzuka wonse nthawi imodzi. Bwalo linachita mbuu, ngati chifunga cha ku Dedza mwezi wa June. Sindinkaonanso ndege, sindinkaona anzanga, ndinkangomva kutsokomola ndi nkhuku zikulira. Mwamantha ndinakankha kabatani kena kuti itsike, koma iyo inapendekeka n'kulunjika kukhonde. Apongozi, mayi amene amadandaula mawondo chaka chonse, analumpha lichero la nkhwani ngati mtsikana wa netibo, n'kudzitsekera m'bafa.

Tsono usiku wa Lachisanu magetsi anali atazima, batire ndinangolichaja theka. Kandege kanalira kawiri, kanazungulira pamwamba pa khonde ngati kakusankha malo, kenako phava! mu ndowa ya thobwa.

Fumbi litakhazikika ndinaima pakati pa bwalo, woyera kuyambira tsitsi mpaka nsapato, rimoti ili m'manja. Kamwana kena pampanda kanakuwa kuti, "Chilombo!" ndipo onse anabalalika. Madala aja anasasa chipewa chawo pang'onopang'ono, n'kundifunsa ngati imeneyi ndi ija yopanda phokoso.

Apongozi sanandilankhule, mwambo sulola kukalipira mkamwini pamaso. Anatulukira m'bafa n'kuuza mwana wawo, mokweza bwino kuti ndimve: "Uwafunse bambo akowa, ndege yawoyi ikatha ufa ndi thobwa, ndiwo imadya chiyani? Tiikonzere."

Usiku umenewo tinadya nsima ya mgaiwa wogula pa kantini, mwakachetechete. Alamu anga ndikuwabwezabe pang'onopang'ono mwezi ukatha, ndipo pa bawo dzina langa tsopano ndi Pailoti wa Pachigayo.

Lolemba ndinaperekeza apongozi ku depoti, nditawasenzera chikwama. Minibasi ya ku Mitundu itadzaza, anasuzumira pawindo n'kuuza mkazi wanga kuti ulendo wina ndisadzavutike kuwatumizira ndege, adzabwera okha pa matola.